Mafiti, Masentimita ndi Sikelo: Kodi Thupi Lanu Likulingana ndi Msinkhu Wanu?

Kuchipatala amatiyeza m'masentimita ndi m'makilogalamu. Telala wa pamsika akatikulunga tepi m'chiuno amalemba mainchesi, kalipentala amagula matabwa m'mafiti, ndipo m'bale wathu amene akukhala ku Britain amamva anzake akutchula msinkhu m'mafiti ndi mainchesi, kulemera m'ma stone. Miyezo yonseyi tili nayo pakati pathu. Chipwirikiti chimabwera munthu akafuna kuchoka ku muyezo wina kupita ku unzake, kaya podzaza fomu, kaya pofuna kudziwa ngati makilogalamu amene sikelo yamuuza ndi oyenera msinkhu wake. Masamu ake ndi a kupulayimale. Koma pali malo amodzi pamene ngakhale ophunzira bwino amaterereka, ndipo nambala ya msinkhu ikalakwika, chiweruzo chonse cha thupi chimalakwika nayo.

Yambani ndi kudziyeza bwino

Ambiri timangotchula msinkhu umene tinauzidwa kalekale, mwina kusekondale. Yezaninso. Vulani nsapato, chotsani chipewa kapena duku, ndipo ngati tsitsi mwalimangira pamwamba limasuleni. Imani pasimenti posalala, osati pamphasa. Zidendene, matako ndi mapewa zigunde khoma, maso ayang'ane kutsogolo, chibwano osachikweza. Mnzanu atenge buku la chikuto cholimba, aligunditse khoma n'kulitsitsa mpaka likhudze pamutu panu, kenako alembe mzere ndi pensulo kunsi kwa bukulo. Kuchokera pansi kufika pamzerewo ndiwo msinkhu wanu.

Tepi ya kalipentala, yachitsulo ija, ndiyo yabwino pantchitoyi. Ya telala nthawi zambiri imathera pa masentimita 150, ndiye ngati ndi imene muli nayo yezani kawiri: lembani pakhoma pamene pathera masentimita 100, kenako muyeze chotsalacho n'kuphatikiza. Chenjerani ndi tepi yakale, chifukwa imatamuka. Dziwaninso kuti m'mawa munthu amakhala wamtali pang'ono kuposa madzulo, mwina ndi sentimita imodzi, popeza tinyama ta pakati pa mafupa a msana timapanikizika tsiku lonse iye akuyenda ndi kunyamula katundu.

Kuchoka ku mafiti kupita ku masentimita

Sungani pamtima nambala ziwiri zokha. Fiti imodzi ili ndi mainchesi 12. Inchesi imodzi ndi masentimita 2.54 ndendende, malinga ndi pangano limene mayiko olankhula Chingerezi, kuphatikizapo Britain, America ndi South Africa, anagwirizana mu 1959. Choncho fiti imodzi ndi masentimita 30.48.

Tinene kuti munthu ndi wa mafiti 5 ndi mainchesi 7, zimene zimalembedwa 5'7". Choyamba sandutsani zonse zikhale mainchesi: 5 kuchulukitsa ndi 12 ndi 60, kuphatikizapo 7 uja ndi 67. Kenako chulukitsani 67 ndi 2.54. Yankho ndi 170.18, ndipo tingoti masentimita 170, kapena mamita 1.70. Wa mafiti 5 okha ndi masentimita 152, wa 5'4" ndi 163, wa mafiti 6 ndi 183.

Tsopano poterera paja ndi apa. Anthu amatenga foni, n'kulemba 5'7" ngati 5.7, n'kuchulukitsa ndi 30.48. Kadontho ka pafoni kamagawa chinthu m'magawo khumi, pamene fiti imagawika m'magawo 12, motero 5.7 ndi 5'7" si chinthu chimodzi. Pa chitsanzochi kusiyana kwake ndi masentimita atatu ndi theka, ndipo wina anganene kuti n'zochepa. Taonani wa 5'10". Msinkhu wake weniweni ndi masentimita 178. Akalemba 5.10, foni imawerenga 5.1 n'kumupatsa masentimita 155. Munthu wadzidula masentimita oposa 22 ndi chala chake chomwe! Akapita nayo nambala imeneyi kukawerengera kulemera koyenera, akhoza kudzipeza ali m'gulu la onenepa kwambiri pamene thupi lake lili bwinobwino. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti muzidzera ku mainchesi nthawi zonse, ngakhale njirayo ikuoneka yozungulira.

Kubwerera kwake n'chimodzimodzi. Muli ndi masentimita 165 ndipo fomu ikufuna mafiti. Gawani 165 ndi 2.54, mupeza pafupifupi mainchesi 65. M'menemo muli ma 12 asanu, amene ndi 60, n'kutsala 5. Msinkhu wanu ndi 5'5".

Mapaundi ndi ma stone

Paundi imodzi ndi makilogalamu 0.454, ndiye kuti kilogalamu imodzi ndi mapaundi pafupifupi 2.2. Ku America amatchula mapaundi okhaokha: gawani ndi 2.2, ndipo mapaundi 150 akhala makilogalamu 68. Ku Britain ndi ku Ireland anthu amakonda stone, imene ndi mapaundi 14, kapena makilogalamu 6.35. Wina akati ndi wa ma stone 11 ndi mapaundi 4, chulukitsani 11 ndi 14, phatikizani 4, mupeza mapaundi 158, amene ndi makilogalamu pafupifupi 72.

Pokwera sikelo, iikeni pansi polimba ndi pafulati, onani kuti ikuyambira pa ziro, ndipo vulani nsapato ndi jekete. Ngati mukutsatira kusintha kwa thupi lanu, gwiritsani ntchito sikelo yomweyomweyo. Ya mnyamata woyeza anthu m'mbali mwa msewu ndi ya kuchipatala sizinena zofanana nthawi zonse.

Kuwerenga BMI

Achipatala amayerekeza kulemera ndi msinkhu pogwiritsa ntchito nambala yotchedwa BMI. Anayambitsa masamu ake ndi katswiri wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830, ndipo dzinali linafala kuchokera mu 1972 kudzera mwa Ancel Keys wa ku America. Kawerengedwe kake ndi aka: tengani msinkhu m'mamita, uchulukitseni ndi iwo womwe, kenako gawani makilogalamu anu ndi yankholo. Mayi wa mamita 1.60 wolemera makilogalamu 78 achulukitsa 1.60 ndi 1.60 n'kupeza 2.56. Akagawa 78 ndi 2.56 apeza 30.5. Imeneyo ndiyo BMI yake.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amene BMI yake siyikufika 18.5 ndi wochepa thupi. Kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ali pabwino. Kuyambira 25 mpaka 29.9 thupi lapitirira, ndipo 30 kupita m'tsogolo ndi kunenepa kumene kumaika moyo pachiswe.

Ine ndimaona kuti n'chothandiza kwambiri kuwatembenuza masamuwa, kuti mudziwe malire anu m'makilogalamu, nambala zimene mungazikumbukire mutaima pasikelo. Yankho lija la msinkhu wochulukitsa ndi iwo womwe, lichulukitseni ndi 18.5 kuti mupeze malire a m'munsi, ndiponso ndi 24.9 kuti mupeze a pamwamba. Wa masentimita 150 malire ake ndi makilogalamu 42 mpaka 56. Wa 155 ndi 44 mpaka 60, wa 160 ndi 47 mpaka 64, wa 165 ndi 50 mpaka 68. Wa 170 ndi 53 mpaka 72, wa 175 ndi 57 mpaka 76, ndipo wa 180 ndi 60 mpaka 81. Onani kukula kwa mpatawu. Anthu awiri ofanana msinkhu akhoza kusiyana ndi makilogalamu 15 onsewo ali bwino, choncho palibe nambala imodzi imene aliyense ayenera kudzivutitsa kuti aifikire.

Amene muli ku Britain musadabwe adokotala akakuuzani zosiyana pang'ono. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo ku zipatala za NHS, linatsitsa malire kwa anthu akuda ochokera ku Africa ndi ku Caribbean, komanso a ku Asia ndi ku Middle East: thupi lopitirira limayambira pa 23, kunenepa koopsa pa 27.5. Chifukwa chake n'chakuti matenda a shuga ndi a mtima amatipeza ife pa BMI yotsikirapo poyerekeza ndi azungu. Kwa munthu wa masentimita 170, ndiye kuti tcheru chiyambike akangodutsa makilogalamu 66. Thupi la Mmalawi silisintha pokwera ndege, ndiye ngakhale amene tili ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete tili ndi chifukwa chosadikira 25.

Chimene sikelo siiona

BMI siisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Mnyamata wonyamula matumba a chimanga kapena wosewera mpira akhoza kukhala ndi BMI ya 26 alibe mafuta odetsa nkhawa. Winanso, wa miyendo yowonda koma mimba ili kutsogolo, akhoza kukhala ndi 24 ali pangozi yeniyeni, pakuti mafuta a m'mimba, ozinga chiwindi ndi matumbo, ndiwo amayenda kwambiri ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Muyezo wa zimenezi sufuna masamu, ndipo ndi umene ndimaukonda koposa. Dulani chingwe chotalika ngati inu, kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Chipindeni pakati. Chikulungeni pamimba, pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya koma osabweza mimba. Nsonga zikakumana, muli pabwino. Zikakana, mimba yapitirira theka la msinkhu wanu, ndipo ndi nthawi yochitapo kanthu. Wa masentimita 170 mimba yake isafike 85. Musadalire nambala ya thalauza, chifukwa abambo ambiri amamanga lamba kunsi kwa mimba, ndipo mainchesi 34 a pathalauza akhoza kubisa mainchesi 40 a pamchombo.

Pali anthu amene malire onsewa sawakhudza. Mayi woyembekezera atsatire za kusikelo ya amayi, asadziyeze ndi BMI. Ana ndi achinyamata osakwana zaka 18 ali ndi matchati awoawo otengera zaka komanso ngati ali anyamata kapena atsikana. Kwa mwana wosakwana zaka zisanu, chofunika ndi mzere wa m'buku lake la kusikelo, kuti mwezi ndi mwezi ukukwera, ndiponso katepi kamitundu kamene alangizi a zaumoyo amakulunga pamkono: kuyambira miyezi 6 mpaka 59, kufiira ndi pansi pa masentimita 11.5, chikasu ndi 11.5 mpaka pansi pa 12.5, kubiriwira ndi 12.5 kupita m'mwamba. Munthu wotupa miyendo kapena mimba nayenso sikelo imamunamiza, popeza ikuyeza madzi.

Mukapeza nambala yanu

Kwathu kuno munthu akanenepa timamuyamikira kuti akudya bwino, mkazi timati banja lamuyanja, ndipo wowonda timamuyang'ana cham'mbali n'kumanong'onezana. Maganizo amenewa ndimawamvetsa, pakuti njala ndi matenda zinatiphunzitsa kuopa kuwonda. Koma atipweteketsa. Mayi amene adokotala amuuza kuti achepetse thupi amaopa kuti anthu anena kuti akudwala, n'kusankha kukhala ndi BP yokwera kusiyana ndi kunenedwa. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimatha zaka zisakupweteka paliponse, kenako zimaonekera ndi sitiroko, impso kapena maso.

Ngati mwapitirira malire, musathamangire mankhwala ndi tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa pa Facebook, ndipo musadzimane chakudya tsiku lonse. Chepetsani mitanda ya nsima, muwonjezere ndiwo zamasamba ndi nyemba. Chepetsani zakumwa zotsekemera, masupuni a shuga mutiyi, mowa, tchipisi ndi mandasi. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pasabata zolimbitsa thupi, ndipo kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kulima zonse zimawerengedwa. Kutsika ndi theka la kilogalamu pasabata n'kokwanira.

Ngati BMI yanu ili pansi pa 18.5, kapena zovala zayamba kukhwepa musakuchita dala, musangoti ndi maganizo. Kuwonda koyenda ndi chifuwa chosatha ndi thukuta la usiku kumafuna kuyezetsa TB ndi HIV. Koyenda ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi kumafuna kuyezetsa shuga.

Sabata ino pezani tepi, khoma ndi chingwe. Lembani msinkhu wanu m'masentimita ndi m'mafiti, malire anu awiri a makilogalamu ndi muyezo wa mimba, pamodzi ndi tsiku limene mwayeza, kuchikuto cha buku lanu la kuchipatala. Mukapitanso kuchipatala, awonetseni achipatalawo nambalazi ndipo apempheni akuyezeni BP ndi shuga.