Makalata Anu: Mliri Unapita, Koma Tulo Sitibwera

Wowulutsa: Makalata ambiri sabata ino akukamba za mliri wa Covid-19, ngakhale papita zaka. Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti: "Amuna anga anamwalira mu Januwale 2021. Thupi linachoka kuchipatala litakulungidwa, n'kupita kumanda osalowa m'nyumba. Sitinaone nkhope, sitinagone pasiwa. Mpaka lero ndimawalota akundifunsa chifukwa chimene ndinawasiyira okha. Abale akuti ndiiwale. Kodi mutu wanga uli bwino?"

Dokotala: Pepani kwambiri, mayi. Mwezi mwautchulawo ambirife tikuukumbukira. Ndi pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo mauthenga a maliro ankangotsatizana.

Mutu wanu sunasokonekere ayi. Maliro kwathu kuno ali ndi ntchito yake. Amayi akakuzungulirani pamkeka, nyimbo zikamamveka usiku wonse, adzukulu akakumba manda, inu n'kuona nkhope komaliza, mtima umayamba kuvomereza kuti munthu wapitadi. Inu zonsezi munamanidwa. Maso sanaone, ndiye mtima ukadafunsabe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO tsopano limawerengera chisoni chokakamira ngati vuto lofunika chithandizo. Sikuti aliyense wolira ndi wodwala. Timayamba kuda nkhawa chisoni chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi chili chowawa ngati tsiku loyamba, chikadutsa kwambiri nthawi imene mwambo wa kwanuko umayembekezera, ndiponso chikamakulepheretsani kulima, kudya, kusamala ana kapena kukhala pagulu. Ngati zafika pamenepo, pitani kuchipatala cha boma m'boma lanu mukafunse namwino wa matenda a maganizo.

Abale amene akuti muiwale aja, apempheni chinthu china. Mwambo umene unalephereka uja ukhoza kuchitika ngakhale lero: mapemphero pakhomo, kumanga chiliza, kukhala pansi n'kumakamba za malemuwo momasuka. Za kuwasiya okhazo, kumbukirani kuti pakhomo la wodi munaletsedwa ndi lamulo. Simunathawe.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya bambo wina, namwino, amene sanatchule kumene ali. Akuti ankagwira ntchito m'wodi ya odwala Covid-19. Masiku ano akangomva kulira kwa silinda ya okosijeni mtima umathamanga, thukuta kamukamu, ndipo usiku sagona pokhapokha atamwako mowa.

Dokotala: Achimwene, mwachita bwino kulemba, chifukwa ife a zaumoyo ndi amene timabisa kwambiri. Kumayambiriro kwa 2020, akatswiri ku China anafunsa ogwira ntchito zachipatala 1,257 m'zipatala 34. Theka la iwo linali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwambiri, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse ankasowa tulo. Anamwino komanso amene ankayang'anizana ndi odwala maso ndi maso ndiwo anavutika koposa.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto limene madokotala timalitcha PTSD. Ubongo unazolowera kuti phokoso lija limatanthauza kuti wina akutsirizika, ndiye ukalimva umadzutsa thupi lonse ngati ngoziyo ikuchitika pompano. Kudzidzimuka kwa masabata ochepa pambuyo pa zoopsa n'kwachibadwa. Kukapitirira mwezi, munthu n'kumalota zomwezo, kumapewa malo ena, kumapsa mtima msanga, pamenepo pafunika thandizo.

Mowawo ndiye ndikuukana. Umakugonetsani msanga, inde, koma tulo take n'todukaduka, ndipo m'mawa nkhawa imabwera itakula. Chimene kafukufuku waonetsa kuti chimathandiza ndi uphungu umene munthu amabwereramo pang'onopang'ono ku zimene anaona, ali ndi katswiri pambali pake, mpaka thupi lileke kunjenjemera. Nthawi zina pamafunikanso mankhwala. Ngati mukuchita manyazi kuonedwa ndi anzanu a pantchito, kuli chipatala cha Zomba Mental, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndipo ngati maganizo odzipha anakufikiranipo, musadikire Lolemba. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala.

Wowulutsa: Yomaliza ndi yaifupi, ya mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti: "Adokotala, zimenezi si za azungu? Ife tinazolowera mavuto."

Dokotala: Funso labwino, ndipo mbali ina mnyamatayu sakunama. Mu 2022 WHO inanena kuti m'chaka choyamba cha mliri, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, makamaka kwa amayi ndi achinyamata. Koma chiwerengero chimenechi chinachokera kwambiri ku kafukufuku wa m'mayiko olemera, ndiye sindingachitenge n'kuchiika pa Area 25 mmene chilili.

Tiyeni tipite ku Sierra Leone, kumene anthu amadziwanso mavuto, ndi nkhondo yomwe. Mu 2015, mliri wa Ebola utatha chaka ukusautsa, akatswiri anafunsa anthu oposa 3,500. Mwa anthu 100 aliwonse, 76 anali ndi chizindikiro china cha PTSD, koma amene zizindikiro zawo zinafika poti mwina ndi matenda enieni anali 16. Ziwerengero ziwirizi muzizimva pamodzi. Ambiri amagwedezeka n'kudzukanso okha mothandizidwa ndi abale, mpingo ndi ntchito. Ochepa amatsalira, ndipo amenewo sitingawauze kuti angolimba mtima.

Komanso thandizo silidikira dokotala wamkulu nthawi zonse. Ku Harare, a Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala nawo pabenchi panja pa chipatala. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene anangolandira chithandizo cha nthawi zonse.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Makalata a makolo ofunsa za ana amene anasintha khalidwe sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 tiwawerenga sabata yamawa.