Musanaike chithunzi cha Nc'wala pa Wikipedia, pezani mwini wake

Mwambo wa Nc'wala ukatha ku Mtenguleni kumapeto kwa February, zithunzi za impi (ankhondo a Angoni) ndi Inkosi ya Makhosi Mpezeni zimadzaza mafoni a anthu m'Chipata. Zina n'zokongola moti munthu amalakalaka kuziika pa Wikimedia Commons, nkhokwe imene Wikipedia imatapamo zithunzi. Koma chithunzi chopanda umboni wa chilolezo chimafufutidwa, kaya chikongole bwanji.

Yambani ndi funso ili: anajambula ndani? Kawirikawiri mwini chithunzi ndi wojambulayo. Amene akuoneka pachithunzipo nthawi zambiri si mwini, ngakhalenso amene anakutumizirani. Malinga ndi lamulo la Zambia la 1994 la Copyright and Performance Rights Act, umwiniwu umapitirira zaka 50 wojambula atamwalira, choncho chithunzi cha nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson musachiyese chopanda mwini chifukwa chakuti n'chakale.

Kenaka chifufuzeni pa Google Lens kapena TinEye. Chikapezeka kuti chinatuluka kale m'nyuzipepala kapena pa Facebook m'dzina la wina, imani kaye. Pemphaninso chithunzi choyambirira cha m'kamera, pakuti WhatsApp imachotsa zolemba zobisika zosonyeza tsiku ndi mtundu wa kamera.

Mwini akapezeka, musam'fulumizitse. Mawu akuti "tengani, ikani pa Wikipedia" sakwanira. Mufotokozereni kuti akavomera layisensi ngati CC BY-SA 4.0, aliyense padziko angathe kuchikopa, kuchisintha ndi kuchitira malonda, bola atchule dzina lake ndi kutulutsa zimene wasinthazo pa layisensi yomweyo, ndipo chilolezocho sichibwezedwa. Commons imakana zithunzi zoletsa malonda. Wojambula wa studio amadyera zithunzi zakezo. Kumubisira mfundo imeneyi n'kumulakwira. Akakana, m'thokozeni n'kuchisiya.

Akavomera, njira yachidule ndi yakuti achiike yekha. Apo ayi, chiikeni inu, iye atumize imelo ku gulu la odzipereka la Volunteer Response Team, kutchula dzina la chithunzicho pa Commons ndi layisensi imene wasankha, ndi kutsimikiza kuti anajambula ndi iyeyo. Imeloyo ichokere kwa iye mwini.

Chilolezo cha wojambula sichilowa m'malo mwa ulemu. Mwachitsanzo, ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumene Gule Wamkulu amavinidwa pamaso pa Kalonga Gawa Undi, funsani akuluakulu a mwambo musanatulutse kamera, ndipo za kudambwe, malo obisika a Gule, musajambule.