Makalata a Omvera: Malire a Kanema kwa Ana

Mayi ena amene alemba kalata kuchokera ku Zomba akufunsa ngati kuletsa ana kuonera wailesi ya kanema ndi nkhanza, ndipo yankho lake liyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri, zomwe ndi kutalika kwa nthawi imene mwana amakhala pa kanema ndi mtundu wa zimene akuonerazo. Pa za nthawi, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi patsiku, chifukwa kukhala pansi nthawi yaitali kumalanda mpata wosewera ndi wogona. Pa za zoonerazo, madikoda a DStv ndi GOtv ali ndi nambala yachinsinsi imene kholo limatsekera mapulogalamu osayenera msinkhu wa mwana, ngakhale kuti loko wotereyu sathandiza kwa anansi kapena m'nyumba zoonetsera mavidiyo pamsika, kumene mwana woletsedwa kotheratu amazembera. N'chifukwa chake mayiwa angapindule koposa akamaonera limodzi ndi anawo, kuwafotokozera chifukwa cha lamulo lililonse, ndi kumasula malirewo pang'onopang'ono anawo akamakula, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.