Kugula mahedifoni uli kunja popanda kuwononga ndalama

Mmalawi amene ali ku Joni, ku Cape Town kapena ku Manchester amavala mahedifoni kawirikawiri pa zifukwa zitatu: kulankhula ndi akumudzi pa WhatsApp, kumvera Zodiak kapena ulaliki pa intaneti, ndi kudzisangalatsa ndi nyimbo popita kuntchito. Chovuta pa zitatuzi ndi choyambacho. Ambiri tikamagula timangomvera ngati besi ikugunda bwino, kuiwala kufunsa ngati amayi ku Mangochi adzatimva tikamalankhula tili pasiteji ya basi kukuwomba mphepo.

Pa nkhani yolankhulana, a chingwe otchipa nthawi zambiri amaposa a Bluetooth a mtengo womwewo. Maikolofoni yake imalendewera pafupi ndi kamwa, pomwe timahedifoni topanda chingwe timatolera mawu anu kukhutu, limodzi ndi phokoso la magalimoto. A chingwe safuna kutchaja, ndipo limodzi silingagwe n'kutayika palokha. EarPods za Apple, zomwe ndi za chingwe, zimagulidwa pafupifupi £19 ku Britain, ndipo mitundu ina ndi yotsikirapo. Koma yang'anani kaye foni yanu. Apple inachotsa kabowo kolowetsamo mahedifoni ka 3.5mm mu 2016 pa iPhone 7, Samsung nayo inatsatira pa mafoni ake odula. Ngati yanu ilibe kabowoko, gulani a USB-C kapena kaadaputa. Apa pali msampha: timaadaputa tina totchipa kwambiri tilibe kachipangizo kotchedwa DAC, ndipo pa mafoni ambiri a Samsung sitigwira ntchito.

Opanda chingwe ndi othandiza kwa munthu amene manja ake amatanganidwa, monga wophika, wokolopa kapena wothamanga. Ovala kumutu amasunga moto nthawi yaitali. Sony WH-CH520, amene safika £50, amatha kugwira mpaka maola 50 asanafune kutchajidwa. Aang'ono olowetsa m'makutu amakhala maola ochepa n'kubwerera m'kabokosi kawo kukatchajidwa. Batire lawo ndi laling'ono ndipo pa ambiri silisinthidwa, choncho likafooka pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, basi n'kutaya. N'chifukwa chake ine sindiona nzeru kuwalipira ndalama ya lendi. Soundcore, JLab, JBL ngakhale Oraimo, amene tinamuzolowera kumudzi, ali ndi mitundu yokwanira munthu wamba. Ngati mumatuluka thukuta kapena mumakhala kumene mvula siikata, onetsetsani kuti pabokosi palembedwa IPX4, chizindikiro choti amapirira madontho a madzi.

Ogulitsa amakonda kutamanda ANC, luso lozimitsa phokoso. Limagwiradi pa phokoso losasintha, monga kulira kwa injini ya basi, sitima kapena ndege, koma mawu a anthu ndi kulira kwa mwana zimadutsabe. Musanawonjezere ndalama chifukwa cha luso limeneli, yesani timphira tonse timene timabwera m'bokosi. Kamphira kokwana bwino khutu kamatseka phokoso lambiri, ndiponso besi imene mumaifuna ija imamveka. Zimenezi zimakhudza thanzi. M'sitima za pansi pa nthaka ku London kapena mu takisi ya ku Joni imene dalaivala watsegula wailesi mpaka pamapeto, munthu amakweza voliyumu osazindikira. Bungwe la WHO limati wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa mlingo wa madesibelo 80, ndipo mukakweza kuposa apo nthawiyo imachepa msanga. Makutu akamalira mukavula mahedifoni, ndiye kuti mwapyola. Khutu likawonongeka ndi phokoso silibwereranso.

Ma AirPods amene amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu kapena pa Facebook pa mtengo wa ndiwo ndi achinyengo, ngakhale bokosi litakongola chotani. Kugula m'sitolo yodziwika monga Argos, Currys, Takealot kapena Makro kumakupatsani chinthu chimene wamumsewu sangakupatseni: lamulo. Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imalola kubweza katundu wowonongeka m'masiku 30 n'kulandira ndalama zanu zonse. Ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008 imapereka miyezi 6, ndipo wogula ndi amene amasankha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Ife tili ndi chizolowezi chochita manyazi kubweza katundu, ngati kuti n'kupanda ulemu. Kunoko palibe amene angakudabweni. Sungani lisiti, kapena ijambuleni pafoni inki isanafufutike. Dziwani chabe kuti sitolo zina zimakana kulandira olowetsa m'makutu amene mwatsegula ngati alibe vuto lililonse koma mwangosintha maganizo.

Kuntchito funsani kaye. Malo ambiri osamalira okalamba ndi nyumba zosungiramo katundu salola mahedifoni pa shifiti. Mumsewu, makamaka usiku, khutu limodzi lizikhala lotsegula, poti olanda mafoni amasaka munthu amene sakumva zomwe zikuchitika kumbuyo kwake.

Ngati mukugulira abale kumudzi, kumbukirani za kuzimazima kwa magetsi. A chingwe ndi amene adzawagwirira ntchito tsiku lililonse, bola mufunse kaye ngati foni yawo ili ndi kabowo.

Mitengo imatsika pa Black Friday, kumapeto kwa Novembala, ndiye amene sali pachangu angadikire. Tsiku limene mwagula, tulukani panja pamene pali phokoso, jambulani uthenga wa mawu pa WhatsApp, muumvere nokha. Ngati mawu anu akudukaduka kapena sakumveka, bwererani kusitolo ndi lisiti yanu masiku obwezera asanathe.