Wophunzira Njinga Yamoto Asataye Mtima

Ambiri amaleka kuphunzira njinga yamoto atagwa kamodzi, kapena atakalipiridwa ndi mphunzitsi pamaso pa anzawo. Dziŵani kuti njinga ikamazima masiku oyamba, sikuti munthuyo ngwopepera ayi. Dzanja lamanzere langofulumira kusiya klatchi. Mphunzitsi waukali musiyeni, funani wofatsa.

Yambiraninso pabwalo lopanda ana ndi ziŵeto, mphindi 15 patsiku, m'giya yoyamba yokha. Siyani klatchi pang'onopang'ono kufikira njinga itayamba kukoka. Penyani kumene mukupita, pakuti njinga imatsata maso. Pokhota, makamaka pamchenga, musafinye buleki yakutsogolo mwadzidzidzi. Ambiri amagwera pamenepo.

Chisoti chivalidwe, lamba wake atamangidwa. Paipi yautsi ikakuwotchani mwendo, thiranipo madzi ozizira kwa mphindi 20, osapakapo mafuta, kenaka bwerani kuchipatala.