KODI MWANA WANGA ANGADZASANKHIDWE KUKAPHUNZIRA UDOKOTALA?

Amayi ambiri akamadikira pamzere wa sikelo amaona anamwino ndi madokotala akudutsa, ndipo mumtima amalakalaka kuti mwana ali kumsanayo adzagwire ntchito yomweyo. Ena amafunsa poyera kuti, "Kodi mwana wa ife akumudzi angasankhidwe kukaphunzira udokotala, kapena malowo ndi a ana a anthu olemera okha?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo m'phunziro lino tiliyankha mosabisa. Tiona m'mene ophunzira amasankhidwira, chifukwa chake osankhidwa amakhala ochepa, ndiponso zimene mayi angachite lero, mwana akadali wa kusikelo, kuti mwayi wake usaonongeke.

1. Kumene madokotala amaphunzira

Kale dziko la Malaŵi linalibe sukulu ya udokotala. Munthu wofuna ntchitoyi ankayenera kukaphunzira kunja kwa dziko lino. Dr. Daniel Malekebu, amene adatsegulanso mishoni ya P.I.M. ku Chiradzulu mu 1926, adatsiriza maphunziro ake pa Meharry Medical College ku America mu 1917. Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937.

Mu 1991 ku Blantyre kudatsegulidwa College of Medicine, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Ophunzira oyamba anali amene adayamba maphunziro awo ku Britain nabwera kudzatsirizira kuno, ndipo adalandira madigiri mu 1992. Mu 2021 sukuluyi idaphatikizana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing, ndipo tsopano ziŵirizi ndi sukulu ya ukachenjede imodzi yotchedwa Kamuzu University of Health Sciences.

Wophunzira wochokera ku Fomu 4 amatha zaka 6 pa sukuluyi: chaka choyamba ndi chokhwimitsa maziko a sayansi, ndipo zaka 5 zotsatirazo ndi za udokotala weniweni. Akatsiriza amayamba wagwira ntchito m'chipatala chachikulu moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, asanaloledwe kugwira payekha ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Tikaŵerenga zaka 8 za pulayimale, 4 za sekondale ndi 6 za udokotala, tipeza zaka 18. Mwana amene mwamuyeza lero ali ndi ulendo wautali ndithu.

2. M'mene ophunzira amasankhidwira

Chinthu choyamba chimene osankha amayang'ana ndi mayeso a Fomu 4, otchedwa M.S.C.E., amene amalembetsa a bungwe la MANEB. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza kopambana, 3 mpaka 6 ndiko kukhoza bwino kotchedwa kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungokhoza chabe, ndipo 9 ndiko kulephera. Amaphatikiza manambala a maphunziro 6 amene mwana wakhoza koposa, ndipo chiŵerengero chotulukacho ndiwo mapointi ake. Mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza kwambiri. Mwana amene wapeza 1, 2, 2, 2, 3 ndi 3 ali ndi mapointi 13. Wopambana kotheratu amapeza mapointi 6.

Kuti munthu aloledwe kufunsira malo ku sukulu ya ukachenjede ya boma, ayenera kukhala ndi makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Wofuna udokotala ayeneranso kukhoza bwino Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics. Makalata ofunsira malo amapita ku bungwe la National Council for Higher Education, limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira a sukulu za ukachenjede za boma. Mu 2020 boma lidalengeza kuti lathetsa njira yakale yogaŵa malo potsata kumene munthu akuchokera.

Tsono dziŵani ichi, amayi: kukwanitsa zofunikazi sikutanthauza kuti mwana wasankhidwa. Ofunsira oyenera amakhala ochuluka kuposa malo, chifukwa dokotala saphunzitsidwa ndi choko pabolodi pokha ayi. Pamafunika aphunzitsi amene ndi madokotala, zipinda zoyezera, ndi zipinda za odwala zoti ophunzira aziloŵamo m'timagulu tochepa. Nchifukwa chake osankha amayamba ndi amene ali ndi mapointi ochepa, makamaka okhoza kwambiri m'maphunziro a sayansi, ndipo malo akatha otsalawo amabwerera ngakhale kuti nawonso adakhoza.

3. Kuitanidwa kukayankha mafunso

Makoleji ena a zaumoyo sasankha ndi mapepala okha. Amaitana ofunsira malo kuti adzalembe mayeso oloŵera, kapena kuti adzakhale pamaso pa akuluakulu a kolejiyo nkuyankha mafunso pakamwa. Koma si onse ofunsira amene amaitanidwa. Akuluakuluwo amayamba apeta makalata onse, ndipo amaitana okhawo amene zotsatira za mayeso awo zakwanira ndiponso adalemba fomu yawo molongosoka ndi kuitumiza nthaŵi isanathe.

Woitanidwayo akafika, amafunsidwa chifukwa chimene akufunira ntchito ya chipatala ndi zimene akudziŵa za matenda ovuta m'dera la kwawo. Ofunsawo amafuna kuona ngati munthuyo amamva funso, amaganiza asanayankhe, amalankhula momveka, ndiponso ngati ali ndi mtima wa chifundo kwa odwala. Zimenezi siziphunziridwa usiku umodzi. Zimayambira pakhomo, mwana ali wamng'ono.

Chenjerani ndi anthu amene amayenda nanena kuti mukaŵapatsa ndalama adzampezera mwana wanu malo. Ameneŵa ndi akuba, ndipo mwana wopezeka ndi mapepala achinyengo amachotsedwa sukulu.

4. Mwayi wa mwana umayambira kusikelo

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga za Fomu 4 zikukhudzana bwanji ndi sikelo?" Yankho lake ndi ili: mayeso amalembedwa ndi ubongo, ndipo ubongo umakula mofulumira koposa m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera tsiku limene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Mwana akamafika zaka 5 ubongo wake umakhala utatsala pang'ono kufanana kukula ndi wa munthu wamkulu. Chimene chaonongeka m'zaka zimenezi nchovuta kuchikonza pambuyo pake.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti pa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira, ndiye kuti msinkhu wawo unali wochepa poyerekeza ndi zaka zawo. Kupinimbira si kufupika kwa kumtundu monga ambiri amaganizira. Ndi chizindikiro chakuti mwana wakhala nthaŵi yaitali akusoŵa chakudya choyenera kapena akudwaladwala. Ana opinimbira kaŵirikaŵiri amachedwa kuyamba sukulu, amavutika kugwira zimene aphunzira, ndipo amabwereza makalasi. Tsono pofuna kuteteza nzeru za mwana chitani izi:

Poyembekezera. Yambani sikelo ya amayi apakati mukangozindikira kuti muli ndi pathupi. Imwani mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala opeŵera malungo monga anamwino akuuzirani, ndipo mukachilire kuchipatala. Mwana wovutika pobadwa, amene wachedwa kupuma, angathe kuvulala ubongo.

Kuyamwitsa. Muikeni mwana kubere akangobadwa, ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja. Kwa miyezi 6 mupatseni bere lokha, popanda madzi, phala kapena mankhwala a zitsamba. Pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Chakudya. Akakwana miyezi 6 yambani kumpatsa phala lolimbirako, osati lamadzimadzi. Phala la ufa woyera lokha limangodzaza mimba. Gwiritsani ntchito mgaiwa, ndipo thiranimo nsinjiro, ufa wa soya, ufa wa usipa kapena bonya, dzira, masamba osinja, kapena supuni ya mafuta ophikira. Yesetsani kuti tsiku lililonse adyeko za m'magulu onse 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake kuti muone m'mene wadyera.

Mchere. Gulani mchere wokhala ndi ayodini, ndipo muusunge m'chotengera chotseka. Kusoŵa ayodini kumadzetsa chithokomiro kwa akulu, koma kwa mwana wosabadwa ndi wakhanda kumachepetsa nzeru.

Katemera. Mwana alandire katemera wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo akangobadwa, ndipo abwerenso ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Ena mwa akatemera a masabata ameneŵa amateteza ku chibayo ndi matenda oumitsa khosi, amene angasiye mwana ali wogontha kapena wozerezeka. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndiponso pa miyezi 15. Mu 2019 dziko la Malaŵi lidakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo. Funsani mlangizi wa zaumoyo ngati akuperekedwa m'dera lanu. Musaiŵale vitamini A miyezi 6 iliyonse, ndi mankhwala a njoka za m'mimba mwana akakwana chaka.

Malungo. Gonani ndi mwana m'neti usiku uliwonse, chaka chonse, ngakhale adalandira katemera. Thupi likatentha pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayezedwe magazi. Malungo akaloŵa mu ubongo, mwana wina amachira koma nkutsala ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira.

Makutu ndi maso. Khutu lotuluka mafinya musalithire mankhwala a kumudzi. Mwana wosamva bwino kapena wosaona pabolodi amayesedwa mbuli m'kalasi pamene nzeru ali nazo.

Ukhondo. Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, mutasintha theŵera, ndiponso musanadyetse mwana. Tayani chimbudzi cha mwana m'chimbudzi. Kutsekula m'mimba kobwerezabwereza ndi njira imodzi yaikulu yopinimbiritsa ana.

5. Lankhulani ndi mwana wanu

Chakudya cha ubongo si phala lokha. Mwana amaphunzira kulankhula pomva anthu akulankhula naye. Pomusambitsa mutchulireni ziŵalo za thupi. Posankha nyemba ŵerengani naye. Muimbireni nyimbo, muuzeni nthano ndi zilape, ndipo mulekeni aseŵere ndi zitsekerero, dothi ndi timitengo. Akafunsa kuti, "Chimenechi nchiyani?" muyankheni, musamukalipire. Mwana woopsezedwa nthaŵi zonse amakula wamantha, ndipo tsiku lina akadzakhala pamaso pa akuluakulu ofunsa mafunso adzangoyang'ana pansi. Abambo nawonso atengepo mbali pa ntchito imeneyi.

Ngati m'mudzi mwanu muli sukulu ya mkombaphala, mtumizeni. Akakwana zaka 6 mukamulembetse Sitandade 1 osachedwa, pakuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira mu 1994. Akafika ku sekondale mulimbikitseni kuti asathaŵe Masamu ndi sayansi, chifukwa wosiya maphunziro ameneŵa wadzitsekera yekha khomo la ntchito za chipatala.

6. Mwana wamkazi

Nzeru sizisankha kuti uyu ndi mnyamata, uyu ndi mtsikana. M'zipatala zathu muli madokotala aakazi ambiri, ndipo ena mwa iwo ndiwo amaphunzitsa anzawo udokotala. Chimene chimagwetsa atsikana ndi ntchito zochuluka za pakhomo, kujomba, mimba ndi ukwati wa msanga. Gaŵani ntchito mofanana pakati pa ana anu kuti mtsikana naye apeze nthaŵi yoŵerenga. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ndiponso kuyambira mu 1993 mtsikana amene adasiya sukulu chifukwa cha mimba amaloledwa kubwerera akachira.

7. Akapanda kusankhidwa

Mwana wanu angathe kulimbikira ndi kukhoza bwino, koma osapeza malo a udokotala. Musamunyoze, ndipo iye asataye mtima. Pofunsira malo asalembe udokotala wokha, koma asankhenso maphunziro ena amene mapointi ake angamufikitseko. Chipatala sichiyenda ndi dokotala yekha. Pamafunika anamwino ndi azamba, akatswiri a mankhwala, oyeza magazi, madokotala a mano, othandiza olumala kuti ayambenso kuyenda, ndi oyang'anira ukhondo m'midzi ndi m'misika. Ntchito zina mwa zimenezi zimaphunzitsidwa pa Malawi College of Health Sciences, imene ili ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ndiponso m'makoleji a zipatala za mishoni monga Malamulo ku Thyolo. Ena amabwereza mayeso a Fomu 4 kuti achepetse mapointi awo. Wosankhidwa ku sukulu ya ukachenjede amene makolo ake ndi osoŵa angathe kufunsira ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira.

Palibe munthu angakulonjezeni kuti mwana wanu adzakhala dokotala. Koma mwana wodya bwino, wotsiriza katemera, wogona m'neti ndi woyankhulidwa pakhomo adzaloŵa m'kalasi ndi nzeru zake zonse zimene adabadwa nazo, ndipo zidzamuthandiza pa ntchito iliyonse imene adzagwire. Sungani bwino kabuku kake ka kuchipatala, ndipo mubwere naye kusikelo mwezi ndi mwezi mpaka atakwana zaka 5.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi masiku 1,000 oyamba amayamba liti ndipo amatha liti?
2. Tchulani zakudya zopezeka m'mudzi mwanu zimene mungathire m'phala la mwana.
3. Mwana wina wapeza mapointi 10 ndipo wina 24. Wakhoza koposa ndi uti?
4. Kodi mwana wanu watsala ndi katemera uti, ndipo tsiku lake ndi liti?
5. Nchiyani chimalepheretsa atsikana a m'dera lanu kutsiriza sukulu, ndipo amayi mungachitepo chiyani?