Phunziro 14: Kodi Mgwirizano wa Maiko a ku Ulaya Unayenera Kulandira Mphoto ya Mtendere?

Mukapita ku Zomba mudzaona chipilala chachitali chokumbukira asilikali a K.A.R. amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Nkhondoyo inayambira ku Ulaya, koma inafika mpaka ku Karonga. Makolo athu ambiri anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, ntchito ija ankaitcha mtengatenga, ndipo ena sanabwerere kwawo. Choncho nkhani ya mtendere wa ku Ulaya imatikhudza nafenso.

MPHOTO YA NOBEL

Alfred Nobel anali munthu wa ku Sweden. Analemera ndi malonda a wonga wophwanyira miyala. Asanamwalire m'chaka cha 1896, analemba kuti chuma chake chizipatsidwa kwa anthu ochitira dziko zabwino. Imodzi mwa mphoto zake ndi ya mtendere. Inayamba kuperekedwa mu 1901. Anthu asanu osankhidwa ndi nyumba ya malamulo ya ku Norway ndiwo amasankha woilandira, ndipo imaperekedwa mumzinda wa Oslo pa 10 December.

Munthu woyamba wa mu Africa kuilandira anali Albert Luthuli wa ku South Africa, amene anapatsidwa mphoto ya 1960. Mabungwe nawonso amatha kulandira. Mu 2012 mphotoyi inapita ku Mgwirizano wa Maiko a ku Ulaya, umene pa Chingerezi amati European Union, mwachidule EU. Ena anaomba m'manja, ena anati, "Iyayi, apa alakwitsa!" Tiyeni timve mbali zonse ziwiri.

AMENE AMATI UNAYENERA

France ndi Germany ndi maiko oyandikana, koma anamenyana katatu: mu 1870, mu 1914 ndi mu 1939. Nkhondo yomalizayi itatha mu 1945, mizinda yambiri inali mabwinja okhaokha.

Pa 9 May 1950, nduna ya ku France, Robert Schuman, anabwera ndi nzeru yatsopano. Anaona kuti mfuti ndi mabomba zimapangidwa ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimasungunulidwa ndi malasha. Tsono anati maiko aziyang'anira malasha ndi chitsulo pamodzi, kuti pasakhale wosula zida mobisa. Zili ngati midzi iwiri yodana itagwirizana kusunga mikondo ndi nkhwangwa zawo m'nyumba imodzi, loko wake makiyi awiri.

Mu 1951 maiko 6 anasaina pangano: France, West Germany, Italy, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg. Mu 1957 anaonjeza pangano la malonda. Dzina loti EU linayamba mu 1993. Greece inalowa mu 1981, Spain ndi Portugal mu 1986, zitachotsa maulamuliro ankhanza. Mu 2004 munalowanso maiko 10, ambiri a kum'mawa kwa Ulaya. Pofika 2012 mamembala anali 27.

Oikira kumbuyo mphotoyi amati: "Taonani, chiyambireni maiko a mumgwirizanowu sanamenyanepo nkhondo. Amakangana ndithu, koma amakanganirana pa msonkhano."

AMENE AMATI SUNAYENERE

Bishopu Desmond Tutu, amene analandira mphotoyi mu 1984, analemba kalata pamodzi ndi anzake awiri, Mairead Maguire ndi Adolfo Pérez Esquivel. Iwo anati kusankha EU sikunagwirizane ndi zimene Nobel anafuna, pakuti iye anafuna kuti magulu a nkhondo achepe.

Otsutsa amatchulanso zinthu izi. Choyamba, maiko ena a mu EU, monga France ndi Germany, amagulitsa zida zambiri za nkhondo kunja. Chachiwiri, nkhondo itabuka ku Yugoslavia mu 1991, pakhomo penipeni, EU inalephera kuiletsa. Ku Srebrenica amuna ndi anyamata pafupifupi 8,000 anaphedwa mu 1995. Chachitatu, mu 2012 momwemo, ku Greece ndi ku Spain munthu mmodzi mwa anthu anayi ofuna ntchito anali paulova. Boma la Greece linadula malipiro kuti lilandire ngongole, ndipo anthu ankachita zionetsero m'misewu. Iwo ankafunsa kuti, "Mtendere wake uti, poto ali gwaa?"

Ena amati chimene chinaletsa nkhondo ndi mgwirizano wa asilikali wa NATO, woyamba mu 1949, ndiponso kuopa mabomba a nyukiliya.

ZINACHITIKA PAMBUYO PAKE

EU inapereka ndalama za mphotoyo, nkuonjezapo zina, kuthandiza maphunziro a ana ovutika ndi nkhondo. Mu October 2013 anthu oposa 360, ambiri a ku Eritrea, anamira pafupi ndi chilumba cha Lampedusa pofuna kulowa ku Ulaya. Mu 2020 Britain inatuluka mumgwirizanowu, koma popanda kuomba mfuti. Mu 2022 Russia inathira nkhondo yaikulu Ukraine, dziko limene silinali membala, ndipo EU inathandiza Ukraine ndi ndalama zogulira zida.

TIGANIZE BWINO

Poweruza mlandu, mfumu yanzeru imafunsa kuti, "Kodi tikuyamika chiyani?" Ngati tikuyamika kuyanjanitsa adani akale, EU inagwira ntchito yooneka, pakuti nkhondo simanga mudzi. Ngati tikufuna bungwe lopanda banga, EU ikuperewera. Inu mukuti bwanji?

MAU OFUNIKA

Mphoto: chinthu chopatsa munthu pomuyamika.
Pangano: mau amene mbali ziwiri kapena zambiri zagwirizana kusunga.
Membala: munthu kapena dziko lolowa m'bungwe.

MAFUNSO

1. Kodi mphoto ya mtendere imaperekedwa mumzinda uti?
2. Chifukwa chiyani Schuman anayambira pa malasha ndi chitsulo?
3. Tchulani zifukwa ziwiri zimene ena anatsutsira mphoto ya 2012.
4. Gawanani magulu awiri, lina livomereze, lina litsutse. Aliyense alankhule, amayi ndi abambo omwe.
5. Lembani m'kope mwanu mizere isanu za munthu amene anayanjanitsa anthu okangana m'mudzi mwanu.